Campervan kapena kalavani: banja la ana aang'ono lisankhe chiti?

Bambo wa Awiri:
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene zinthuzi mumazidziwa. Tilipo anayi: akulu awiri, mwana wa zaka 4 ndi khanda la miyezi 10. Tikufuna kumatuluka kumapeto kwa sabata, komanso kuyenda ulendo umodzi wautali pachaka. Galimoto tili nayo kale, yolemera 1,600 kg ikakhala yopanda katundu. Ndiye tiigulitse n'kugula campervan, vani yokhala ndi mabedi ndi kakhitchini m'kati, kapena tiisunge n'kugula kalavani yoti tizikoka?

Makaniko Wamkulu:
Achimwene, musanayambe kusirira makatani ndi kakhitchini, werengani kaye malamba. Wogulitsa akakuuzani kuti campervan imagona anthu anayi, sanakuuzeni kuti imanyamula anthu anayi pamsewu. Ma campervan ambiri okonzedwa kuchokera ku vani ya katundu ali ndi malo ogona anayi koma mipando ya malamba ndi iwiri yokha, ya kutsogoloyo. Kumbuyo mumapeza benchi loyang'ana cham'mbali, ndipo pabenchi lotero mpando wa mwana sungamangidwe.

Mpando wakumbuyo woyenera ana uyenera kuyang'ana kutsogolo, ukhale ndi lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, osati wa m'chiuno mokha, ndipo ukhale womangidwa ku chitsulo cha galimoto, osati pathabwa la pansi limene anayala pokonza. Funsani pepala losonyeza kuti mpandowo unayesedwa kuti umapirira pangozi. Mipando yambiri imene imatambasuka n'kusanduka bedi ilibe ISOFIX, tizitsulo tokolera mpando wa mwana, ndiye ngati mipando ya ana anu imadalira zimenezo, tengani mipandoyo mukaiyese musanalipire. Chinanso, mpando wa khanda wokhala ndi mwendo wotsamira pansi umafuna pansi polimba. Ngati pamenepo pali kabokosi kosungiramo zinthu, chivindikiro chake chikhoza kuthyoka pangozi.

Ku kalavani nkhaniyi kulibe, chifukwa ana amayenda m'galimoto yanu yomweyo, m'mipando imene anaizolowera. Mu kalavani simukwera munthu ikamakokedwa, ngakhale mwana akhale atagona bwanji.

Mayi Wamaulendo:
Ine ndikambe za madzulo, chifukwa mpamene mabanja ambiri amazindikira kuti anasankha molakwika. Ana a msinkhu umenewo amagona 7 koloko kapena isanakwane 8. Mu campervan yaing'ono, ya mamita 5, mabedi ndi awiri: lina m'denga limene limakwezedwa mukaima, lina pansi, lopangidwa kuchokera ku mpando wakumbuyo. Mukatambasula la pansilo, pabalaza pathera pomwepo. Makabati ena satsekukanso, firiji imatsekuka theka, ndipo inu akulu mwatsala ndi mipando iwiri ya kutsogolo, mumdima, mukunong'onezana kuti mwana asadzuke.

Kalavani ya banja imakhala ndi mabedi osanjikizana kumbuyo, osafunika kuyala ndi kuyalula tsiku lililonse, ndi chitseko kapena katani yolekanitsa. Ana agona uko, inu muli kutsogolo mukudya, nyale ikuyaka. Pa usiku umodzi kusiyanaku sikuoneka. Pa masiku 10, mvula ikugwa, kumaoneka kwambiri.

Ndiye pali za masana. Mukafuna kupita kukagula mkate ndi campervan, muyenera kutsitsa denga, kupinda bedi, kuchotsa nthambo ya magetsi, kutseka gasi, kulongedza makapu onse ndi kumanganso mipando ya ana. Ndi nkhono imeneyo, sichoka popanda nyumba yake. Kalavani mumaisiya pamalo ili chiyalire, inu n'kunyamuka ndi galimoto.

Wa Vani:
Amayi, zimene mwanenazo n'zoona, koma mwakamba mbali imodzi. Abambowa anena kuti maulendo ambiri ndi a kumapeto kwa sabata. Pamenepo campervan ilibe mnzake. Lachisanu madzulo mwaponyamo zovala ndi chakudya, mwaliza injini, mwapita. Kalavani imafuna kuti mukaitenge kumene mumaisunga, muilumikize, muyese magetsi, muike magalasi owonjezera, muyende pang'onopang'ono, ndipo mukafika muiimike bwino, mutsitse miyendo yake ya m'makona, mutunge madzi, muike chotayira madzi akuda. Ndi ana otopa, mumdima, ntchito imeneyo si yamasewera. Makalavani ambiri amangokhala osagwiritsidwa ntchito chifukwa eni ake amaona kuti masiku awiri sakukwanira chintchito chonsecho.

Panjira nayonso campervan imathandiza. Khanda lalira, mwaima pamalo oimikapo magalimoto, mwatenthetsa mkaka, mwasintha thewera, simunatuluke panja. Vani ngati Volkswagen California kapena Ford Transit Custom Nugget ya denga lokweza imakwana pamalo oimika galimoto wamba, ndipo California siposa mamita 2 kutalika kupita m'mwamba denga likatsitsidwa, choncho imalowa m'malo ambiri okhala ndi chotchinga cha pamwamba. Mkati mwa sabata ndi galimoto yopitira kuntchito ndi kusukulu.

Vuto la pabalaza lija limachepa ndi tenti ya m'mbali yotha kuima payokha. Imalumikizidwa ku vani ndi kampanda kolowetsa m'njanji, ndipo pochoka mumangosolola kampandako, tenti n'kutsala ndi mipando, tebulo ndi zidole. Ikani kachizindikiro pansi pamene panali matayala, kuti pobwera muimike pomwepo.

Mayi Wamaulendo:
Tentiyo imathandiza, sindikukana. Koma mukayamba kukhoma tenti ya 20 kg kapena kuposa paulendo uliwonse, kufulumira kumene mumanyadira kuja kwapita kuti? Ndipo yanyowa ndi mvula Lamlungu, mukaiyanika kuti?

Wa Vani:
Pa usiku umodzi kapena uwiri osaikhoma n'komwe. Ndi ya ulendo wautali uja.

Mphunzitsi wa Madalaivala:
Tisanapite patali, tione ngati galimoto ya abambowa ingakoke kalavani imene amayi akuyamikirayo. Apa m'pamene anthu amapwetekera.

Tsekulani chitseko cha galimoto kapena boneti, mupeza kachitsulo kapena kapepala kolembedwa manambala anayi a makilogalamu. Yoyamba ndi kulemera kokwanira kumene galimoto imaloledwa ikadzaza. Yachiwiri ndi ya galimoto ndi ngolo pamodzi. Ziwiri zotsalazo ndi malire a matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Mukachotsa yoyamba pa yachiwiri, mupeza pafupifupi kulemera kwa ngolo imene mungakoke galimoto itadzaza. Onaninso m'buku la galimoto, chifukwa wopanga amalembamo malire ake a ngolo ya mabuleki. Nambala yachiwiri ija ikakhala kuti palibe, ndiye kuti galimotoyo sinavomerezedwe kukoka.

Malire a wopanga ndi a mphamvu ya galimoto, si a bata pamsewu. N'chifukwa chake mabungwe a okoka makalavani amalangiza ongoyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo la boma, ndi langizo, koma ndi labwino. Kwa inu, 85 peresenti ya 1,600 kg ndi 1,360 kg. Ndiye mukufuna kalavani imene MTPLM yake, kutanthauza kulemera kwake kokwanira ikadzaza, siposa pamenepo. Makalavani a banja opepuka, a tayala limodzi mbali iliyonse, alipo ofika pamenepo, koma akuluakulu a malo ogona 6 ndi matayala anayi aiwaleni.

Tsopano tiyerekeze kuti mwapeza ya MTPLM 1,350 kg, ndipo kulemera kwake yopanda katundu, kumene amalemba kuti MIRO, ndi 1,200 kg. Mwatsala ndi 150 kg basi. Batire wamba la 100 Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) ndi pafupifupi 25 kg. Makina oyendetsera kalavani ndi rimoti, ngati alipo, ndi pafupifupi 30 kg. Tenti ya m'mbali ndi mitengo yake, 25 kg ina. Zatha 80 kg musanaikemo mbale, zofunda, chakudya, zovala ndi chikuku cha mwana. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho musayende ndi madzi m'kalavani. Zolemera zina ikani m'galimoto, koma kumbukirani kuti nayonso ili ndi malire.

Bambo wa Awiri:
Zikomo aphunzitsi. Chimene chimandiopsa ndi makanema aja a kalavani ikuvina kumbuyo mpaka kugubuduza galimoto. Chimayambitsa n'chiyani?

Mphunzitsi wa Madalaivala:
Zinthu zitatu zikakumana: liwiro, kulongedza molakwika, ndi chinachake chokankha cham'mbali, monga mphepo kapena lole ikamakudutsani. Kutsetsereka kumawonjezera, chifukwa kalavani imakhala ikukankha galimoto.

Pa zitatuzi, kulongedza ndi kumene kuli m'manja mwanu musananyamuke. Zolemera zonse pansi, pamwamba penipeni pa matayala kapena patsogolo pake pang'ono. Zopepuka, monga zovala, m'makabati a m'mwamba. Kumbuyo kwenikweni osaikako cholemera, chifukwa katundu wa kumchira amapepuza kutsogolo, ndipo kalavani yopepuka kutsogolo ndi imene imavina. Iyenera kutsamira pa towbar, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto, ndi mphamvu ya pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kulemera kwake. Pa 1,350 kg ndi pakati pa 68 ndi 95 kg. Koma galimoto ndi towbar zili ndi malire ake pamenepa, zambiri ndi 75 kg kapena chapafupi, ndipo nambala yaing'ono ndi imene mumatsatira.

Kuyeza sikufuna chida chodula. Imikani kalavani pamalo athyathyathya, pingani matayala, kwezani miyendo ya m'makona yonse. Tengani sikelo ya kubafa, ikanipo kathabwa, dulani mtengo woti cholumikizira chikhale pa msinkhu umene chimakhala chikalumikizidwa ku galimoto. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka katayala kochirikiza kutsogolo kwa kalavani katanyamuka, n'kuwerenga. Ikapitirira kapena kuperewera, sunthani katundu pang'ono n'kuyezanso. Makilogalamu amenewo amawerengedwanso ngati katundu wa galimoto.

Ikayamba kuvina pamsewu: chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, osaponda buleki mwamphamvu, osayesa kulimbana nayo pokhotetsa uku ndi uku. Amene amati ponda mafuta kuti iwongoke akukunamizani. Ndipo liwiro lovomerezeka pokoka limakhala lotsika m'mayiko ambiri. Ku Germany, mwachitsanzo, ndi 80 km pa ola, pokhapokha galimoto ndi kalavaniyo zitavomerezedwa kufika 100.

Makaniko Wamkulu:
Ndiwonjezere pa cholumikiziracho. Makalavani ambiri amakono ali ndi cholumikizira chochepetsa kuvina, monga cha AL-KO, chokhala ndi timapadi tofinya mutu wa towbar wa 50 mm uja. Mutuwo uyenera kukhala wouma, wopanda girizi ndi wopanda penti. Anthu amaupaka girizi monga amachitira ndi ngolo wamba, timapadi n'kuterereka, chidacho n'kukhala ngati palibe. Towbar ikakhala yatsopano, palani pentiyo ndi sandipepa wosalala, pukutani ndi mankhwala otsukira mabuleki.

Kanthambo kachitsulo kamene kali pambali pake si kokongoletsa. Kalavani ikamasuka, kamakoka buleki yake kenako n'kuduka. Kakoleni pamalo ake pa towbar, kasakwawe pansi komanso kasathine pokhota. Mukalumikiza, pukusani katayala ka kutsogolo ngati mukukweza kalavani: kumbuyo kwa galimoto kukayamba kunyamuka, ndiye kuti yagwira.

Koma a campervan asaganize kuti za kulemerazi sizikuwakhudza. Vani ya malire a 3,000 kg, itaikidwa makabati, denga lokweza, mpando wa bedi, firiji ndi batire, imatha kutsala ndi 500 kg kapena kucheperapo. Chotsanipo akulu awiri, ana ndi mipando yawo, madzi malita 30, tenti, njinga. Njinga zopachika kumbuyo zimalemetsa matayala a kumbuyo kuposa kulemera kwake kwenikweni, chifukwa zili kutali ndi matayalawo. Njira yodziwira ndi imodzi: dzazani monga mwa ulendo, nonse mukwere, mupite pa sikelo ya magalimoto, muyeze yonse kenako matayala a kumbuyo okha. M'mayiko ambiri laisensi ya galimoto wamba imathera pa 3,500 kg, ndipo malamulo a kukoka amasiyana dziko ndi dziko, choncho onani zimene laisensi yanu imalola.

Bambo wa Awiri:
Nanga khandalo ligona pati? Bedi lake lopinda lija lingakwane?

Mayi Wamaulendo:
Funso limeneli lokha likhoza kukusankhirani. Bedi la mwana lopinda limakhala la pafupifupi 120 cm ndi 60 cm mkati, kunja kwake n'kokulirapo. Mu campervan ya mamita 5, bedi la pansi likatambasulidwa, malo otsala pansi sakwana. Zimene mabanja amachita: kholo limodzi ndi wamkuluyo m'denga, kholo lina ndi khanda pansi. Kapena akulu onse m'denga ndi ana pansi, koma ndiye usiku mukutsika ndi kukwera podzera pamipando ya kutsogolo. Bedi la m'denga lili ndi malire a kulemera, nthawi zambiri pafupifupi 150 kg, ndiye akulu awiri onenepa awerenge kaye. Mwana wa zaka 4 asagone yekha m'mwambamo popanda ukonde wotchinga pobowola paja. Ndipo makoma a dengalo ndi nsalu: kumazizira, kumamveka phokoso, ndipo kukacha kuwala kumalowa msanga.

Mu kalavani, yang'anani ya kakonzedwe kokhala ndi katebulo ka m'mbali ka anthu awiri. Katebuloko kakatsitsidwa kamasanduka bedi laling'ono, ndipo ndi chotchinga cholimba ndi pabwino kwa wa zaka 4. Bedi lopindalo limatha kuima pakati pa mabenchi a kutsogolo kapena pakhomo, koma yezani ndi tepi, chifukwa likatseka chitseko cha panja kapena njira ya kuchimbudzi, silikuyenera pamenepo. Bedi la m'mwamba la osanjikizana nthawi zambiri opanga salola ana osakwana zaka 6. Khanda ligone pamalo olimba, athyathyathya, kutali ndi potulukira mpweya wa hita, ndipo pasakhale mpata pakati pa makushoni pamene nkhope ingalowe.

Wa Vani:
Pamenepa ndivomere, vani yaing'ono ndi yothina. Koma pali yapakati. Vani zazikulu za mtundu wa Fiat Ducato zimabwera mu utali wa mamita 5.4, 6 ndi 6.4. Ya mamita 6 imakhala ndi bedi lokhazikika kumbuyo, kachimbudzi, mipando inayi ya malamba, ndipo zina zili ndi denga lokweza kapena mabedi osanjikizana. Munthu amaimirira bwinobwino. Chovuta n'chakuti siikhalanso galimoto ya tsiku ndi tsiku. Pamalo oimika wamba imatulukira, pa chotchinga cha mamita 2 sidutsa. Mapeto ake mumasunga magalimoto awiri: inshuwalansi kawiri, sevisi kawiri, matayala kawiri.

Wamagetsi:
Palibe amene wafunsa kuti muzikagona malo otani, koma zimenezo zimasintha zambiri. Ngati ndi malo okhala ndi magetsi olumikiza, zonse ziwiri zili bwino, bola mudziwe masamu awa: mawati ndi mavoti kuchulukitsa ndi ma amp. Pa 230 V, malo opereka 16 A amakupatsani 3,680 W, a 10 A ndi 2,300 W, a 6 A ndi 1,380 W okha. Ketulo ya kunyumba imadya 2,000 W kapena kuposa. Muyatse ketulo, hita ili mkati, magetsi athima, ndipo nthawi zina mwathimitsira ndi anzanu oyandikana nawo. Gulani ketulo yaing'ono ya pansi pa 1,000 W. Nthambo yolumikizira itambasuleni yonse, chifukwa yokulungidwa imatentha ikamanyamula magetsi ambiri.

Kopanda magetsi, batire ndiye zonse. La asidi la 100 Ah limakupatsani pafupifupi 50 Ah, chifukwa mukamalitsitsa kupyola theka limafa msanga. La lithiamu la kukula komweko limapereka 80 Ah kapena kuposa ndipo limalemera pafupifupi theka, koma silichajidwa kuzizira kukafika pansi pa madigiri 0, pokhapokha likhale ndi chotenthetsera chake. Firiji ya kompuresa, imene ili m'ma campervan ambiri, imadya pakati pa 25 ndi 40 Ah patsiku malinga ndi kutentha. Ndiye batire la asidi lija ndi la tsiku limodzi ndi theka. Sola ya 100 W imabweza pafupifupi 25 kapena 30 Ah pa tsiku la dzuwa labwino, pa mitambo ndi zochepa kwambiri.

Campervan imachaja batire ikamayenda, koma pa vani zatsopano zokhala ndi alternator (makina a injini opanga magetsi) yodzichepetsa yokha pamafunika chaja ya DC-DC, yochaja batire la m'kati kuchokera ku magetsi a injini. Relay wamba, kaswitchi kongolumikiza batire la injini ndi la m'kati, sadzaza batire. Makalavani ambiri ali ndi firiji ya njira zitatu: magetsi olumikiza, gasi, ndi 12 V. Pa gasi imadya batire pang'ono kwambiri, choncho imakhalitsa kopanda magetsi. Ya 12 V imagwira injini ya galimoto ikamalira basi, ndipo imangosunga kuzizira kumene kulipo kale, ndiye iyatseni pa magetsi usiku woti mawa mukunyamuka. Firiji yotereyi imafunanso kuti kalavani iime molingana, ikapendekeka sizizira. Ndipo soketi ya towbar ikhale ya mapini 13 yolumikizidwa mokwanira, chifukwa ena amangolumikiza nyale za pamsewu n'kusiya waya wa firiji ndi wa batire.

Makaniko Wamkulu:
Za gasi, pakhale ana kapena ayi, n'zofanana mbali zonse. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsika pansi. Timabowo timene tili pansi pa kabati ya silinda ndi pansi pa mbaula ndi totulutsira ameneyo. Anthu amatitseka ndi nsanza poti mukulowa mphepo. Osatero. Mbaula yophikira si hita, musaiyatse kuti mufunditse m'kati, imatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide umene sununkha. Alamu ya mpweya umenewu ndi ya utsi zikhalemo, ziyesedwe ulendo uliwonse. Kozizira gwiritsani gasi wa propane: wa butane amasiya kutuluka m'silinda kuzizira kukafika cha pa madigiri 0, pamene propane amagwirabe mpaka kupyola 40 pansi pa 0. Poyenda tsekani silinda.

Campervan yambiri ili ndi hita ya dizilo ya 2 kW yotenga mafuta m'thanki ya galimoto. Imadya mafuta ochepa, osafika kota ya lita pa ola, koma poyaka imakoka batire kwambiri, ndiye batire lofooka limaizimitsa pakati pa usiku. Paipi yake ya utsi isalozere mu tenti ya m'mbali ija.

Mayi Wamaulendo:
Chimbudzi musachiiwale. Mwana wa zaka 4 akati akufuna, ndiye kuti ndi pompo, 2 koloko usiku. Vani yaing'ono imakhala ndi kachimbudzi konyamula m'kabati, ndipo kabatiyo nthawi zina imatsekeka ndi bedi. Kalavani ili ndi chipinda chake, thanki ya pansi ya malita 17 kapena chapafupi, yotulutsira panja. Banja la anayi limaidzaza m'masiku awiri kapena atatu. Matewera ndi timapepala tonyowa topukutira mwana tisalowemo, timatseka chotsekera.

Wokonza Makalavani:
Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, mdani wa kalavani ndi chinyezi. Madzi amalowera m'malumikiziro a denga, m'mphepete mwa mawindo, pa njanji ya tenti ndi pa zogwirira za m'makona, n'kumaoletsa matabwa a m'kati mwa khoma mwakachetechete. Mukalowa, nunkhizani kaye. Fungo la nguwi, kapena la mankhwala onunkhiritsa ochuluka modabwitsa, likuchenjezeni. Tsekulani makabati a m'mwamba, dinani khoma m'makona ndi chala, nyamulani makushoni muone pansi pa mabenchi, kwezani mphira wa mawindo. Khoma lofewa kapena lotupa timatuza ndi madzi amenewo. Ndi chida choyezera chinyezi, pansi pa 15 peresenti palibe vuto, 15 mpaka 20 m'pofunika kuyang'anira, kupyola 20 pafufuzidwe, ndipo cha ku 30 madzi alowa kale ndithu. Yendani pansi ponse, makamaka pakhomo ndi pakhitchini: pakamabonyoka, ndiye kuti zigawo za pansipo zamatuka.

Matayala a kalavani satha mapanga, amakalamba. Pambali pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Akafika zaka 5 konzekani kusintha, asapitirire 7 ngakhale akuoneka atsopano. Tayala likachotsedwa n'kubwezeretsedwa, mangani mabawuti ndi sipanala yoyezera monga mwa buku, n'kuonanso mutayenda makilomita 50. Miyendo ya m'makona si jeke, ndi yongoletsa kugwedera. Mukanyamulira kalavani pa iyo, mupinda pansi pake. Kulinganiza m'mbali kumachitika pokweza tayala pa kathabwa kotsetsereka, kutsogolo ndi kumbuyo ndi katayala kaja, kenako m'pamene miyendo imatsika.

Pa campervan yakale mukugula zinthu ziwiri, galimoto ndi nyumba. Onani dzimbiri pansi ndi pozungulira pamene anadula denga ndi mawindo, mbiri ya sevisi, lamba wa injini anasinthidwa liti, nsalu ya denga ngati yang'ambika popinda, ndiponso amene anaika gasi ndi magetsi ngati anasiya mapepala. Mapepala a galimoto ndi inshuwalansi zigwirizane ndi mmene vaniyo ilili pano, kuphatikizapo chiwerengero cha mipando.

Bambo wa Awiri:
Zikuoneka kuti kalavani ikutikwanira pa malo ogona, koma mayi akunyumba akuti za livesi sakufuna n'kumva komwe. Komanso pakhomo pathu malo oimika ndi a mamita 6.

Mphunzitsi wa Madalaivala:
Livesi imaphunzirika masana amodzi pabwalo lopanda magalimoto. Gwirani chiwongolero pansi pake ndi dzanja limodzi. Kumene dzanjalo lapita, n'kumene mchira wa kalavani ukupita. Yendani pang'onopang'ono, khotetsani pang'ono, ikangoyamba kukhota bwezani chiwongolero kuti galimoto iitsatire. Ikapindika kwambiri, pitani kutsogolo muwongole n'kuyambanso, osakakamiza, mungaphwanye kona ya kalavani pa galimoto. Wothandiza aime pamene mukumuona pagalasi, ndipo ana akhale m'galimoto atamangidwa, osati panja. Ndi bwino onse awiri aphunzire, chifukwa tsiku lina mmodzi adzadwala muli kutali. Kilachi ndi imene imavutika pa livesi yokwera mtunda, ndiye apo makina a rimoti aja amaipulumutsa.

Mamita 6 ndiye vuto lenileni. Utali umene amalengeza nthawi zina ndi wa m'kati. Kalavani ya banja, kuphatikiza chitsulo cha kutsogolo, imafika mamita 7 kapena kuposa, ndipo mulifupi ndi 2.2 mpaka 2.3, zina 2.5. Funsani utali wonse. Ikapanda kukwana, mudzalipira malo osungira, ndipo ulendo uliwonse udzayamba ndi kukaitenga, zimene a Vani ananena zija.

Wa Vani:
Eya, ndipo ndi apo ndikuti musathamangire. Bwerekani chilichonse kamodzi musanagule, osati pa nyengo yabwino yokha. Campervan yaing'ono kumapeto kwa sabata, mipando yanu ya ana, chikuku, bedi lopinda, zonse. Muone nthawi imene imatenga kuchoka pa "tiyeni" mpaka injini kulira, mabedi ali oyala. Kalavani nayo pali eni ena amene amakakuikirani pamalo, koma imeneyo sikuphunzitsani kukoka, imangokuonetsani za kugona.

Wokonza Makalavani:
Ngati malo ndi mamita 6 enieni, yang'ananinso makalavani aafupi a mabedi osanjikizana m'mbali kapena chopingasa kumbuyo. Ena utali wonse umakhala pafupi ndi mamita 6, ndipo MTPLM yake imatsika bwino pansi pa 1,360 kg yanu ija. Bafa limakhala laling'ono, losambiramo ndi chimbudzi pamodzi. Poyeza pakhomo musayeze utali wokha: yezani mulifupi wa geti, kutsetsereka kwa polowera kuti mchira usakhule pansi, ndi ngati chitseko cha kalavani chidzatsekuka ikaima pafupi ndi khoma. Chitsekocho chili mbali imodzi yokha, ndipo mbaliyo imasiyana malinga ndi dziko limene kalavaniyo inapangidwira.

Ikamakhala nthawi yaitali osayenda, khuthulani madzi onse, siyani mipopi yotsekula, chotsani thanki ya chimbudzi muitsuke, imikani makushoni kuti mpweya uzidutsa, ndipo buleki ya pamanja musaikoke, pingani matayala m'malo mwake, chifukwa mabuleki amamatirira. Batire lichotseni kapena lisiyeni pa sola yaing'ono.

Bambo wa Awiri:
Ndapita kukaona kachitsulo kaja. Yoyamba ndi 2,150, yachiwiri 3,650. Buku likuti pa towbar 75 kg.

Mphunzitsi wa Madalaivala:
Ndiye kusiyana kwake ndi 1,500 kg, kumene kuli pamwamba pa 1,360 ija, choncho tsatirani 1,360. Pa towbar, 75 kg ndi 5.5 peresenti ya kalavani ya 1,360 kg, zili m'malire koma mpata ndi wochepa. Ya 1,200 kapena 1,250 kg ingakupatseni mpata wabwinopo. Galimoto yokha ili ndi 550 kg ya katundu, chotsanipo 75 ya towbar, mwatsala ndi 475 ya anthu anayi, mipando ya ana, chitsulo cha towbar chenichenicho ndi zonse za m'buti. Onani m'bukumo ngati kulemera kwa 1,600 kuja kukuphatikiza dalaivala, chifukwa opanga ena amawerengeramo 75 kg ya munthu, ena ayi. Pokoka, matayala a kumbuyo a galimoto muwapope kufika pa mlingo wa katundu wodzaza, umene walembedwa pa kapepala ka pachitseko kapena pa chitsekero cha mafuta.